Dzanja la Barnaba

Chiyambire tsiku limene Florência anafika ndi Lemani pakhomo koyamba, amayi ake, a Adelina, sanalitchulepo dzina la mnyamatayo. Ankangoti "wa mota uja", poti ntchito yake inali yonyamula anthu pa njinga yamoto. Tsikulo Lemani atavula chipewa n'kunjuta kuti apereke moni, lichero la nyemba linawapulumuka m'manja ndipo analowa m'nyumba osayankha. Pambuyo pake anamuuza Florência kuti munthu wobadwira ku Zambia, amene bambo ake sadziwika kwawo, sangakhale mkamwini pamudzi pawo. Ababa ake, a Jeremias, anamva zonsezi ali pampando wawo ndi miyendo yawo yotupa.

Florência anali ataphunzira ntchito yojambula ndi kusindikiza mumzinda wa Tete, ndipo anabwerera ku Chifunde miyendo ya ababa ake itayamba kuvuta. Chaka chimenecho parokiya inkamanga khoma kuseri kwa tchalitchi, loti palembedwe mayina a akhristu amene anafa kapena kusowa nthawi ya nkhondo. Padiri anamupempha kuti akonze zilembo zake.

Iye sanafune zilembo zobwera kale ndi komputadori. Kuyambira ali mwana ankaona zilembo za munthu mmodzi pa makoma akale a m'deralo, munthu wotchedwa Barnaba, amene anali mwamuna woyamba wa amayi ake. Barnaba anasowa chaka chimene mudzi wawo unatenthedwa, ndipo mtembo wake sunapezeke. A Adelina sankakamba za iye, koma padiri atalengeza za khomalo, ndi iwo amene anayamba kukapereka dzina lake. Florência anaganiza kuti akufawo alembedwe ndi dzanja la mnzawo.

Pankafunika mitundu itatu: zilembo zonenepa za mayina a midzi, zapakati za mayina a anthu, ndi zopendekeka za mawu a pemphero m'munsi. Zitatuzo zinayenera kuoneka kuti n'za bere limodzi, msinkhu wofanana, mapewa ofanana, kuti diso likamatsika pakhomapo lisapunthwe. Zapakati anali atazipeza kale pa katchalitchi kena ka m'mudzi. Zinazo ndi zimene ankafunafuna.

*

Anapita ku Mualadzi mmawa wina, Florência atakhala kumbuyo kwa mota ya Lemani, fumbi likuwalowa m'mano. Kantina, sitolo yakale ya kumeneko, inali itagwa denga, ndipo m'kati mwake munamera mtengo wa mkuyu. Khoma lakumaso linali ndi mabowo a zipolopolo, koma pamwamba pa chitseko utoto wabuluu unali ukuonekabe. Zinali zilembo zonenepa, zoima ngati ng'ombe zokhuta.

Florência anazijambula ndi telefoni chimodzichimodzi. Anamusonyeza Lemani mwendo wa R, mmene unkatalikira n'kupindika kumapeto, ndi kachipewa ka pamwamba pa Ŵ, kamene Barnaba ankakalemba ngati mbalame yotambasula mapiko. Anamufotokozera kuti sikokwanira kungonenepetsa zilembo zapakati zija, chifukwa mimba za a ndi e zimatsekeka. Chilichonse chimafuna kuumbidwa pachokha, koma osataya nkhope ya abale ake.

Lemani, amene nthawi zonse sankasowa nthabwala, ulendo uno sanaseke. Anayandikira khomalo, natsatira R uja ndi chala chake cha kumanzere. Florência atamufunsa chimene chavuta, anayankha kuti malowo akumuzizira, ndipo akumva ngati anafikapo kale, chonsecho kanali koyamba. Kenaka anatulutsa foni yake najambulanso khomalo, nati atumizire atate ake ku Katete, chifukwa iwonso amakonda zinthu zakale.

Pobwerera anaima pamthunzi kuti injini izizire. Lemani anafunsa kuti adikira mpaka liti. Anati wakhala ku Nsadzo zaka zingapo tsopano, akulima munda wa malemu amayi ake, anthu akumudziwa, malume ake alipo ndipo ndi okonzeka kudzaonekera. Florência anamupempha kuti apirire mpaka khoma litadalitsidwa, mwina mtima wa a Adelina udzakhala utatsika.

"Amayi ako sandida ayi," anatero Lemani. "Munthu wokuda amakuyang'ana. Iwo amandithawa ngati aona wakufa."

Florência anaseka kuti nkhaniyo ithe, koma mawuwo anamukhala pamtima njira yonse.

*

Ankagwira ntchito yake mu ofesi ya parokiya chifukwa ndi mmene munali magetsi. Mlembi wa mmenemo anali Octávio, mwana wa akatekista, mnyamata wa malaya ositidwa bwino amene a Adelina ankamutchula pafupipafupi pa chakudya. Octávio anamufunsirapo Florência kawiri, ndipo kawiri konseko anakanidwa mwaulemu. Sanakwiye poonekera. Ankamubweretsera madzi ozizira, n'kumaima kumbuyo kwake nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

Sabata imeneyo Florência anali atamaliza zonenepa ndi zapakati. Anaziika pamzere umodzi, nakonza mipata ya pakati pake mpaka dzina lililonse likupuma bwino. Zopendekeka ndi zimene zinamukanika. Barnaba sanasiye zoterozo pakhoma lililonse. Atauza komputadori kuti ipendeketse zapakati zija, zinangooneka ngati chimanga chogwetsedwa ndi mphepo. Atayesa kuzilemba ndi dzanja lake, zinatuluka zokongola koma zachilendo, za kwina.

Ali m'kati molimbana nazo, Octávio anakoka mpando nakhala pafupi. Anayamba ndi kunena kuti sakonda miseche, kungoti Florência amamutenga ngati mlongo wake. Kenaka anati anyamata a mota kumsika akukamba kuti masiku ano Lemani sakuchoka pa foni, amapatuka kukayankhulira kuseri, ndipo wakana kale makasitomala onse a Loweruka chifukwa akupita ku malire ku Cassacatiza kukatenga munthu wochokera ku Katete.

"Mana Florência, munthu anakulira kumeneko mpaka ndevu kumera. Mukuganiza kuti anachokako yekha, osasiya wina aliyense?"

Florência anamuuza kuti asamale za ofesi yake. Koma Octávio atatuluka, anakumbukira kuti kuyambira tsiku la ku Mualadzi Lemani wakhala wosakhazikika, ndipo za Loweruka sanamuuzepo chilichonse.

Uthenga woyamba wa Lemani unafika masana: "Flora, wadya?" Sanayankhe. Wachiwiri unati: "Ndadutsa pa parokiya, wandiona koma watseka zenera." Tsiku lotsatira unabwera wina: "Ngati ndalakwa ndiuze cholakwacho. Kukhala chete kwakoku kukundidwalitsa." Florência anauwerenga kangapo, nalemba kuti, "Ukafunse wa ku Katete," kenaka anazimitsa telefoni.

*

Lachisanu Lemani anamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, mapepala ali mbwee pamphasa, pafupi ndi khoma lija limene amisiri anali atangolipaka laimu. Florência sanadzutse mutu. Anamufunsa dzina la mkaziyo, ndiponso ngati pali ana.

Lemani anakhala pansi, napuma mozama. Anavomera kuti Loweruka akupitadi ku boda, koma wokatengedwayo ndi atate ake, a Martin. Sanamuuze chifukwa iye mwini sankakhulupirira kuti abweradi. Pa moyo wake wonse atate akewo sanawolokepo kubwera ku Mozambique, ngakhale pa maliro a akazi awo anakana. Koma atalandira chithunzi cha kantina ija patapita masiku angapo anayamba kuimba foni mmawa ndi masana, kufunsa za mtsikana amene akufuna kumukwatirayo, za khoma la mayina, za mudzi wa kwawo kwa mtsikanayo. Pomaliza anati abwera okha kudzaona banjalo, malume adikire kaye.

Manyazi anamugwira Florência. Anapepesa motsitsa mawu, natchula amene anamuuza. Lemani anangopukusa mutu. Pofuna kumuseketsa, anatola pensulo ndi pepala limodzi lotayidwa, nati amulembera dzina lake mmene ankalembera pa njinga za anthu ali mwana, kuti akadzakwiyanso azidzaliyang'ana.

Analemba ndi dzanja lamanzere, mosathamanga, lilime lili pakona pa mlomo. Florência ankayang'ana nkhope yake, osati pepalalo. Atalilandira, kumwetulira kunamuthera.

Zinali zilembo zopendekeka. Sizinali zokankhidwa, zinkayenda zokha ngati munthu wotsetsereka phiri. Anatenga pepala la zapakati naliika pambali pake. Msinkhu unali umodzi. Mimba ya e inatseguka mofanana. Anamuuza kuti alembe R wamkulu, ndipo mwendo wake unatalika n'kupindika kumapeto. Anamuuza kuti alembe Ŵ, ndipo pamwamba pake panatera kambalame kaja.

Anamufunsa ngati wakopera zimenezi pa kantina. Lemani anati ayi, iye amalemba choncho kuyambira kale. Anamuphunzitsa ndi atate ake, amene ntchito yawo yonse ku Katete ndi yolemba pa masitolo ndi pa mabasi. Anati n'chifukwa chake khoma lija linamuzizira: zinali ngati zilembo za kunyumba kwawo zamutsogolera kudziko lachilendo. Koma anaganiza kuti mwina alembi onse akale anaphunzira kwa mmisiri mmodzi.

"Atate ako amalemba ndi dzanja liti?"

"Lamanzere, ngati ine."

"Kwawo n'kuti?"

"Amangoti ku Tete. Ukafunsitsa amadzuka n'kuchoka."

Florência anafunsanso ngati atate akewo anafuna kudziwa dzina la amayi ake. Lemani anati inde, anafunsa, ndipo atawauza kuti ndi a Adelina, foni inaduka. Ananena zimenezi pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto mawu ake anali atasintha, chifukwa nayenso anali atayamba kuona chimene Florência ankaona.

Onse awiri anayang'ana khoma loyera lopanda dzina ndi limodzi lomwe. Florência ankaganiza za amayi ake, amene anamanga ukwati ndi a Jeremias m'tchalitchi momwemo monga mkazi wamasiye, amene sanaphonyepo Misa, amene ankatsogolera amayi anzawo poimba. Ngati mwamuna woyamba ali moyo, ukwati wachiwiriwo udzatchedwa chiyani? Nanga iye ndi Lemani? Magazi sanali amodzi, koma pamsika palibe amene akanawerengera magazi. Akanangoti mwana wa Adelina akukwatiwa ndi mwana wa mwamuna wa Adelina.

Lemani anati mwina akulakwitsa, anthu amanzere ndi ambiri. Florência anavomera ndi mutu, koma anapinda pepala lija nalibisa m'kamisolo ngati chinthu chakuba.

*

Dzuwa likupendeka anapeza amayi ake akutong'ola chimanga pakhonde. Anakhala pambali pawo nayamba kuthandiza. Anafuna kuyamba nkhaniyo kangapo, koma ankaibweza. Pomaliza anangofunsa chimene Lemani anawalakwira.

A Adelina anatong'ola chisononkho chonse asanayankhe. Anati mnyamatayo sanawalakwire kanthu. Anati akhala akupemphera kuti Mulungu awachotsere chinthu chimenechi, chifukwa akudziwa kuti n'kupanda chilungamo.

"Akaima pabwalopa ndimaona wina. Kaimidwe kake, mmene amalandirira chikho ndi dzanja lamanzere. Ndinavutika zaka zambiri kuti munthu ameneyo agone, mwanawe. Ndati ndimulembe pakhoma paja kuti agone ndithu. Sindingathe kumamuona tsiku ndi tsiku akudya pakhomo panga."

Aka kanali koyamba kuti amayi ake ayankhule choncho. Florência anafunsa ngati panali munthu amene anaona Barnaba atafa. A Adelina anati tsikulo aliyense anathawira kwake, Barnaba anali atapita kukalemba pa sitolo ina kutsidya kwa mtsinje, ndipo amene anabwerako anati kumeneko sikunatsale munthu. Kenaka anamuyang'anitsitsa mwana wawo namufunsa chifukwa chimene akufunsira zimenezi lero. M'nyumba a Jeremias anatsokomola, naitana kuti wina awathandize kudzuka. Florência anathamangira komweko, ndipo mwayi unapita.

Mmawa wa Loweruka analembera Lemani: "Usabwere nawo kuno. Pita nawo ku Nsadzo kaye, ndikufuna ndiyambe ndawaona ndekha." Uthengawo sunapite. Anaimba, koma telefoni ya Lemani sinkapezeka, monga zimakhalira njira ya ku malire. Anayesanso ali kuchitsime, anayesanso akuphika, osaphula kanthu.

*

Dzuwa lili paliwombo Octávio anatulukira pa njinga, atanyamula kalata za Misa zoti apatse a Adelina. Zinali zoti akanatha kuwapatsa mawa lake kutchalitchi. Analandira mpando, nayamba kucheza ndi a Jeremias za mtengo wa feteleza, maso ake ali kumsewu. Florência anadziwa kuti wabwera kudzaonerera mkazi wa ku Katete.

Kulira kwa mota kunamveka kuchokera kumunsi. Florência anathamangira kumpanda kuti akawaimitse panjira, koma Lemani anali atakhota kale. Nkhope yake inali yotuwa ndi fumbi. Pomuyang'ana Florência anapukusa mutu pang'ono, ngati wonena kuti ndayesetsa, akana.

Amene anatsika kumbuyo anali bambo wamtali, woonda, wa imvi, atavala jekete lakuda lothothoka m'zigongono. M'zikhadabo zake munali utoto wabuluu. Anaima kaye kuyang'ana mapiri a kumadzulo, kenaka analowa pabwalo, navula chipewa ndi dzanja lamanzere.

A Adelina anali akutuluka m'khitchini ndi ndowa. Sanakuwe, sanagwe. Anaika ndowayo pansi bwinobwino, napukuta manja pa chitenje, naima chilili. A Jeremias anayang'ana mlendoyo, nayang'ana akazi awo.

"Adelina," anatero mlendoyo.

"Tinakulirani maliro," anayankha a Adelina, mawu ali pansipansi. "Ndinameta tsitsi chifukwa cha inu, a Barnaba."

Octávio anadzuka pampando pang'onopang'ono. Dzinalo ankalidziwa bwino, chifukwa ndi iye amene analilandira mu ofesi pamodzi ndi mayina ena a akufa. Florência anaona dzanja lake likulowa m'thumba momwe munali telefoni, ndipo anadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhaniyi ikhala itafika kwa akatekista.

Mkuluyo anagwada pafumbi, moyang'ana a Jeremias. Anapepesa chifukwa cholowa pamudzi wa eni popanda kutumiza mawu. Anati sanabwere kudzapasula banja la munthu. Iye anauzidwa ku msasa wa othawa nkhondo kuti m'mudzi mwawo simunapulumuke aliyense, ndipo anasintha dzina kuti asamamve kuitanidwa ndi dzina limene akufa ankamuitanira. Anati akangomva yankho la funso limodzi, abwerera lero lomwe ndipo sadzaonekanso.

Lemani anali atafika pambali pa Florência, ndipo mosaonetsera anagwira nsonga za zala zake.

Mkuluyo anatembenukira kwa a Adelina.

"Tsiku lija ndinakusiyani muli ndi pakati. Mwanayo ali kuti?"

Florência anayembekeza kuti amayi ake anena kuti panalibe mwana, kapena kuti anapita padera m'tchire pothawa. Moyo wake wonse ankadziwa kuti woyamba kubadwa ndi iye. Anayang'ana ababa ake kuti amuthandize, koma a Jeremias anali atazyolika, ndipo pankhope pawo panalibe kudabwa.

"Muuzeni," anatero a Jeremias. "Wayenda ulendo wautali."

A Adelina anagwira mzati wa khonde ndi manja awiri.

"Ali moyo," anatero. "Ali konkuno ku Chifunde. Koma sadziwa kuti ndine mayi wake."

Mwanayo anali m'bale wa Lemani, analinso m'bale wa Florência. Zala za Lemani zinamasuka pang'onopang'ono, ndipo dzanja la Florência linatsala lokha.